Mlendo wa Kalumo Kobuntha ku Milange

Certificate imene anandipatsa itatha workshop ya chiphunzitso cha Mpingo wa Katolika pa za umoyo wa anthu ndinakaiika m'fulemu n'kuipachika pabalaza, ndipo ndikamaganiza lero ndimaona kuti vuto linayambira pakhoma pomwepo, chifukwa kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kudzimva kuti ndawadziwa makalata onse a Apapa, kuyambira a Leo XIII mpaka a Francis, pamene zoona zake n'zakuti ndinangomva mitu yake, n'kulemba manotsi, n'kuloweza zaka. Ndine membala wa komiti ya Chilungamo ndi Mtendere pa parishi yathu ku Mulanje. Ntchitoyi ndimaikonda ndi mtima wanga wonse, n'chifukwa chake zimene ndifotokoze panozi zimandiwawabe.

Mayi akunyumba kwawo ndi ku Milange, ku Mozambique. Anawoloka mtsinje wa Muloza ali kamtsikana m'chaka cha 1986, pamene asilikali a Renamo analanda tawuniyo ndipo anthu miyandamiyanda anakhamukira m'midzi ndi m'misasa ya kuno kwathu. Nkhondo itatha abale awo anabwerera, iwo anatsala, n'kudzapezana ndi ine. Alamu anga aakulu, amene amalima kumudzi wina kunja kwa tawuni ya Milange, atabwera kudzationa anayang'ana fulemu ija n'kunena kuti, "Alamu, tsiku lina mudzabwere mudzacheze ndi gulu lathu, mudzatigawireko zimene mwaphunzirazi." Iwo ananena za kucheza. M'khutu mwanga munalowa zoti kutsidyako kuli anthu amene akudikira facilitator kuti awatsegule maso, ndipo popeza akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndinakhalira kunola kanga pa laptop mpaka pakati pa usiku, osatembenuka n'kamodzi komwe kufunsa mayi akunyumba, amene anali m'nyumba momwemo, kuti kodi kwawoko anthu amapemphera motani.

Kuchokera pamsika wa Limbuli kukafika pa Muloza si patali, ndipo ukadutsa pachipata tawuni ya Milange ili makilomita ochepa chabe, patsinde pa phiri la Tumbine. Chichewa chimamveka paliponse, Chilomwe chimodzimodzi, kwacha imayenda limodzi ndi metical, ndipo njinga zosenza matumba a chimanga ndi nandolo zimandondozana kulowera ku Malawi kuyambira m'mamawa. Zonsezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Komabe nditafika pa kapela yawo ndinaimirira, n'kukonza kolala, n'kuyamba kulakatula mawu olonjera m'Chipwitikizi chimene ndinachitola pa foni, ndikugogoda lilime pa liwu lililonse, achinyamata atawerama, amayi akuyang'anana, mpaka agogo ena anafunsa mokweza m'Chichewa chosalala kuti, "Kodi awa si akamwini aja a kwa uje? Nanga lero akuyankhula chiyani?" Nkhope yanga inatentha, ndipo theka la mawu amene ndinaloweza linathawa nthawi yomweyo.

Ndinali nditabwereka projector kwa mnzanga, osafunsa ngati kapelayo ili ndi magetsi. Ilibe. Achinyamata, pofuna kuti mlendo asachite manyazi, anathamanga kukanyamula batire ya sola imene mudzi wonse umatchajira mafoni, alamu anga aakazi anachotsa nsalu yoyera pabedi pawo n'kuipachika kukhoma, anyamata anatseka mawindo ndi mphasa, anthu akutuluka thukuta mumdimamo ine ndikulumikiza mawaya amene sindinkawadziwa, ndipo slide yoyamba yokhala ndi dzina langa m'malembo aakulu itangooneka, inverter inalira n'kuzima, ndinayatsanso, inazimanso, ndinaumirirabe mpaka batire inatheratu. Madzulo amenewo palibe foni inatchajidwa m'mudzimo. Ndinamva pambuyo pake kuti mayi wina ankayembekezera kuti mwana wake wa ku Johannesburg amuimbira za ndalama ya kuchipatala.

Ndinaganiza zongoyankhula pamtima, poti mbiri ya Mpingo ndiye ndinkaikhulupirira kwambiri. Ndinawauza za ansembe a White Fathers amene anafika kwa Mponda mu 1889 n'kuchokako mu 1891, za ansembe a Montfort amene anatsegula Nzama mu 1901, za Mua mu 1902, zonsezi n'zoona ndithu, koma ndinamaliza ndi kutambasula dzanja n'kunena kuti kuchokera kumeneko kuwala kunafalikira pang'onopang'ono mpaka kufika ngakhale kuno kwanu. Mnyamata wina wophunzitsa pa sukulu ya pulayimale anakweza dzanja mwaulemu. Anati, "Pepani aphunzitsi, mwina sindinamve bwino." Kenaka anafotokoza modekha kuti wansembe wa chipani cha Jesuit, Gonçalo da Silveira, anadutsa ku Quelimane, Sena ndi Tete mu 1560 ndipo anaphedwa kwa Mwene Mutapa mu 1561; kuti m'zaka za m'ma 1890, Nzama isanaganiziridwe, ma Jesuit anayesa kukhazikitsa mishoni kufupi ndi phiri la Tumbine lomweli ngakhale sinakhalitse; ndi kuti dayosizi ya Quelimane inakhazikitsidwa mu 1954 pogawa ya Beira. Ndikanangothokoza. M'malo mwake pakamwa panga panatuluka, "Exactly, that was my next point," bodza lamkunkhuniza, m'nyumba ya Mulungu, mtanda uli pamwamba pa mutu wanga, ndipo mnyamatayo anangogwedeza mutu n'kukhala pansi, kundisiyira ulemu umene sunali wondiyenera.

Mawa lake ndinabwera ndi mutu umene ndinkati sungandilake: m'mene mungakhazikitsire limana, kagulu kakang'ono ka Akhristu. Ndinajambula pa pepala lalikulu mabwalo ndi mivi, ndinatchula Episkopi Patrick Kalilombe ndi sinodi ya ku Lilongwe ya 1973 mpaka 1975 imene inabala miphakati, ndinatchula aepiskopi a kum'mawa kwa Africa, a bungwe la AMECEA, amene mu 1976 anaika timagulu ta Akhristu patsogolo pa ntchito zonse za utumiki, ndinawalangiza kuti asankhe wapampando, mlembi ndi msungichuma, kuti azikumana kamodzi pa sabata, ndipo ndinawalimbikitsa ndi mawu achifundo kuti asaope, poyamba zimavuta koma adzazolowera. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka bambo wachikulire amene amatsogolera gululo, amene onse amangowatchula kuti a animador, anatsokomola n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwafotokoza bwino. Koma tithandizeni apa. Kwanuko wansembe akakhala zaka osafika, maukwati mumatani nawo? Nanga ana obadwa?"

Ndinalibe yankho. Kwathu bambo mfumu akadumphitsa mwezi umodzi osafika ku tchalitchi chathu chaching'ono, nkhani imafika ku khonsolo ya parishi.

Pamenepo bambo aja anayamba kusimba, osati mondidzudzula, koma monga munthu amene akuuza mkamwini mbiri ya pamudzi. Dziko litalandira ufulu pa 25 June 1975, boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni mwezi wotsatira, ansembe ndi asisitere ambiri ochokera kunja anachoka, ndipo m'zaka zotsatira otsalawo sankayenda momasuka. Mu September 1977 Akatolika a dziko lonse anachita msonkhano waukulu ku Beira n'kugwirizana kuti Mpingo ukhale m'timagulu tating'ono, mmene aliyense ali ndi utumiki wake wosalipidwa: wina wotsogolera Mawu, wina wophunzitsa katekisimu, wina woyendera odwala, wina woyang'anira maliro, wina wosamalira osauka, wina woyanjanitsa okangana. Iwo anali mnyamata nthawi imeneyo. Nkhondo itafika, anati, ansembe anasowa kotheratu, mabuku ena anapsa, ena anawakwirira pansi atawakulunga m'pulasitiki, koma Lamulungu anthu ankasonkhanabe, pena pansi pa mtengo, pena m'nkhalango, ana ankabatizidwa, akufa ankaikidwa ndi mapemphero, ofuna ukwati ankalumbira pamaso pa mboni ndipo mayina ankalembedwa m'kope kudikira tsiku limene wansembe adzaoneke, ndipo kukamveka kuti kwina kwafika wansembe, ankatuma munthu wodalirika kuyenda pansi ulendo wautali kuti akatenge Ukaristia. Amene anathawira ku Malawi anapitiriza zomwezo m'misasa. Nditabwerera kwathu ndinakatsegula buku la malamulo a Mpingo n'kupeza kuti lamulo 861 ndi lamulo 1116 amaloladi ubatizo ndi ukwati wotere wansembe akasowa. Iwo anazichita ndi moyo wawo. Ine ndinali nditaima patsogolo pawo ndi marker m'manja, ndikuwauza kuti asaope.

Munthu wanzeru akanakhala pansi tsiku lomwelo n'kupempha kuti amuphunzitse. Ine ulemu wanga unali utavulala, ndiye ndinafuna kuuchiritsa ndi nkhani imene Mmalawi aliyense amanyadira nayo: kalata ya aepiskopi athu ya m'nyengo ya Lenti imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, yodzudzula malipiro ochepa, kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndi kutsekera anthu osawazenga mlandu, kalata imene inachititsa kuti Monsignor John Roche athamangitsidwe m'dziko ndipo inatsegula njira ya referendamu ya 1993. Kunyadira kalatayi si kulakwa, ndipo mpaka lero ndikaikumbuka mtima umagunda. Kulakwa kwanga kunali kuwonjezera kuti aepiskopi a mayiko ena atengerepo phunziro la kulimba mtima. A animador anavomera kuti kalatayo anaimva ndi makutu awo, poti chaka chimenecho anali ku Mulanje, kenaka anandikumbutsa kuti aepiskopi a ku Mozambique anali atayamba kale m'zaka za m'ma 1980 kupempha poyera kuti boma ndi Renamo akhale pansi akambirane, nthawi imene kunena zotero kunali kudziika pachiswe, ndipo anatchula kalata ya 1987 yotchedwa A paz que o povo quer. Anatchula a Capuchin atatu, Camillo Campanella, Francesco Bortolotti ndi Oreste Saltori, amene anaphedwa ku Inhassunge m'nyengo ya Pasaka mu 1989, m'dayosizi yawo yomweyi, pamene episkopi anali Bernardo Filipe Governo, nayenso wa Capuchin. Anatchula Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, amene pamodzi ndi a gulu la Sant'Egidio anakhala mkhalapakati mpaka pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Tsiku limeneli ndi limene linalola apongozi anga kubwerera kwawo, ndipo mu PowerPoint yanga yonse simunali mzere ngakhale umodzi wonena za ilo.

Lamulungu wansembe kunalibe, monga zimakhalira masabata ambiri, ndipo pondilemekeza anandipempha kuti ndithandize kutsogolera mapemphero. Kutsogolo kunali mpando umodzi wabwino woyalidwa nsalu, ndinaganiza kuti aukonzera mlendo, ndinapita molunjika n'kukhalapo, n'kuika chikwama changa pambali, kenaka ndinaimirira, n'kutambasula manja onse awiri, n'kupereka moni uja amapereka wansembe poyamba Misa, ndipo theka la anthu linayankha chifukwa cha chizolowezi, theka lina linakhala chete, kwaya inasokonezeka poyambira, kamnyamata kotumikira kanandiyang'ana maso ali tong'o, mpaka alamu anga anabwera chowerama kudzandinong'oneza kuti, "Alamu, mpando uwo ndi wa bambo, sitikhalapo." Amausiya wopanda munthu dala, kuti aliyense akumbuke kuti gululi likudikira wansembe wake ndipo mapemphero awa si Misa. Malangizo ochokera ku Rome a 1988 okhudza mapemphero a Lamulungu popanda wansembe amanena zomwezo, kuti mkhristu wamba asakhale pa mpando umenewo ndipo asagwiritse ntchito moni wa odzozedwa. Ndinasamukira pa benchi anthu onse akuona, ndipo chikwama chinatsalira komweko mpaka mapemphero anatha chifukwa ndinalibe mphamvu zokachitenga.

Za Laudato Si' ndinena mwachidule chifukwa ndi zimene zimandipweteka m'mimba. Kalata ya Papa Francis ya 2015 yonena za kusamalira chilengedwe ndimaikonda, ndiye ndinatulutsa anthu panja, n'kuloza malo ometeka a phiri la Tumbine, n'kunena ndi mawu okweza kuti mukapitiriza kudula mitengo, tsiku lina phirili lidzakugumukirani. Kunali zii. Mayi wina anamanga bwino chitenje chake n'kuchoka osanena kanthu. Phirilo linagumuka kale, mu January 1998, mvula yamphamvu itagwa, matope ndi miyala zinakokolola nyumba n'kupha anthu ambiri, ndipo mayi uja anataya abale usiku umenewo. Nkhaniyi ndinaimvapo pa wailesi chaka chimenecho, ndili ku Mulanje konkuno, pamtunda woti phirilo umalionera, koma inali itachoka m'mutu mwanga chifukwa akufawo sanali anga. Madzulo ndinapita kukapepesa, mayiyo anandiyalira mphasa n'kundipatsa chinangwa chophika, ndipo ndinalephera kuchimeza.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba zonsezi.

Phunziro lomaliza linali la malipiro oyenera, ndipo ili lokha linayenda bwino, mwina chifukwa pofika apa ndinali nditatsitsa mawu. Ndinafotokoza Rerum Novarum, kalata imene Papa Leo XIII anatulutsa pa 15 May 1891, yonena kuti wantchito si chida, kuti malipiro ake ayenera kumukwanira iye ndi banja lake, ndi kuti kubera munthu malipiro ndi tchimo lofuulira kumwamba, monga ikunenera kalata ya Yakobo mutu 5. Achikulire anatsegula pakamwa. Anasimba za chibalo, ntchito yokakamiza ya nthawi ya Apwitikizi, m'minda ya tiyi, m'minda ya thonje ndi m'misewu, imene inathawitsa Alomwe ambiri kulowa ku Nyasaland, kumene anakapezanso thangata ikuwadikira m'maesiteti a ku Mulanje ndi Thyolo. Sanabise kuti pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican linamangirira Mpingo kufupi kwambiri ndi boma la atsamunda, ndipo n'chifukwa chake amakumbukira mwaulemu Episkopi Sebastião Soares de Resende wa ku Beira, amene anadzudzula ntchito yokakamiza nthawi imene Zambezia inali m'dayosizi yake. Kenaka mnyamata wina kumbuyo anafunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, ngati munthu wavomera yekha mtengowo, pali mlandu?" Funsoli ndinali ndi yankho lake lenileni, ndipo ndinasangalala. Ndinati Papa Leo anayankha kale: munthu akavomera malipiro ochepa chifukwa cha njala kapena kuopa kutaya ngakhale kochepako, sanavomere mwaufulu, wakakamizidwa, ndipo wolipirayo sangabisale kuseri kwa mawu akuti tinagwirizana. Anthu anawomba m'manja. Usiku umenewo ndinagona bwino koyamba chifikireni.

M'mawa pobwerera ndinati ndisapite chimanjamanja, chimanga kutsidyako chinali chotsikirako mtengo kuyerekeza ndi kwathu, ndiye ndinagula matumba a makilogalamu 50 n'kuyamba kufunafuna wa njinga woti andifikitsire pa Muloza. Anabwera mnyamata wovala chipewa, sindinamuyang'ane kumaso, maso anga anali pa matumba ndi pa calculator ya pa foni, anatchula mtengo wake, ine ndinaseka kuseka kuja timaseka pamsika, n'kunena kuti, "Iwe mphwanga, ukundiona ngati mzungu?", anatsitsako pang'ono, ndinakana, ananena kuti msewu uli ndi zitunda ndipo matayala akwera mtengo, ndinamuuza kuti njinga zilipo zambiri pano n'kutembenuka ngati ndikupita kwa anzake amene anali chiimire kudikira mwayi womwewo, ndipo nditaponya mapazi angapo anandiitana n'kuvomera pafupifupi theka la zimene anatchula poyamba, ine mumtima n'kudzitama kuti kutsatsa malonda ndiye ndimakutha. Ndinakwera njinga yamoto n'kutsogola. Ndinamudutsa panjira atatsika, akukankha njingayo pachitunda, mutu uli pansi, msana wonse utanyowa, ndipo ndinakumbuka kumukuwira kuti afulumire chifukwa minibasi sizidikira.

Atafika anatsitsa matumba, anavula chipewa kuti apukute thukuta, ndinamuwerengera ndalama zija m'manja, ndipo iye anazilandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo aphunzitsi. Phunziro la dzulo lija linandigwira mtima." Ananena moona, popanda mnyozo uliwonse. Anali mnyamata wa funso uja.

Ndikanatha kukonza pomwepo. Koma ndalama yotsala m'thumba inali ya minibasi yokha, ina yonse ndinaithira m'chimanga, ndiye ndinangopapasa matumba a thalauza, n'kutsegula chikwama, n'kuchitsekanso, milomo ikunjenjemera, n'kunena kuti "sorry, sorry" osafotokoza kuti sorry wa chiyani, kondakitala akukuwa, anyamata akuponya matumba anga m'galimoto, ndipo ndinakwera n'kumusiya akumanga zingwe zake pakaliyala. Ulendo wonse wopita kunyumba ndinakhala nditayang'ana pansi. Mayi akunyumba atandifunsa kuti zayenda bwanji ndinati bwino, ndipo nsima ya chimanga chimenecho ndinadya ndikudziwa amene anachikankha pachitunda.

Nkhaniyi ndinapita nayo kukalapa. Zimene tinakambirana m'menemo ndi zanga, koma chiphunzitso chake aliyense angachipeze mu Katekisimu wa Mpingo wa Katolika: ukalakwira mnzako pa chuma, kupepesa kwa Mulungu kumayenda pamodzi ndi kubweza. Ndiye ndinabwerera ku Milange ndi envelopu, ndipo apanso ndinaphonya, chifukwa ndinadikira nthawi ya zolengeza pa mapemphero a Lamulungu, n'kuimirira, n'kusimba nkhani yonse pamaso pa gulu, n'kumuitana mnyamatayo kuti abwere kutsogolo adzalandire, ndikuganiza kuti uku ndiye kudzichepetsa, osaona kuti ndamuimika pakati pa anthu, pamaso pa mkazi wake ndi apongozi ake, ngati munthu amene ananyengedwa pamsika ndipo tsopano akulandira chithandizo. Anaimirira pamalo pake pomwepo n'kunena motsitsa kuti, "Aphunzitsi, ine sindinadandaule kwa munthu." Sanabwere kutsogolo. Ndinatsala chiimire ndi envelopu m'mwamba, kwaya inayambitsa nyimbo kuti indipulumutse, ndipo ndinabwerera pa benchi miyendo ili lendelende.

A animador ananditengera kuseri kwa kapela. Anati, "Mwana wanga, mtima wanu ndi wabwino, koma nkhani ngati iyi kuno imayenda ndi munthu mmodzi, madzulo, pakhomo." Anandiuza kuti ndi mmene akhala akuyanjanitsira anthu chithere nkhondo, pamene obwerera kuchokera ku Malawi ankapeza ena akulima minda yawo, ndipo anthu amene ana awo anamenyera mbali zosiyana ankayenera kukhalanso pa benchi imodzi. Alamu anga ndiwo anayenda. Anapita kwa mnyamatayo kukada, anacheza za mvula ndi mitengo ya nandolo, kenaka anatula ndalamayo n'kunena kuti ndi yotsalira ya ulendo uja, alamu awo anawerengera molakwika. Analandira. Mawa lake anandinyamuliranso katundu, anatchula mtengo, ndinalipira osatsegula pakamwa, ndipo panjira ndinayenda naye pansi, ndikugwira kumbuyo kwa njinga pa zitunda, ngakhale ndikukayika ngati kukankha kwanga kunamupepukitsira kalikonse.

Ndisanachoke ndinapempha a animador kuti andisimbirenso zonse za zaka za nkhondo kuti ndizijambule, chifukwa anthu a msinkhu wawo akutha ndipo nkhani za kumidzi ngati imeneyi zili m'mitu mwawo mokha. Anavomera, anavala jekete, anatulutsa kope lija la mayina a obatizidwa ndi okwatirana, lothimbirira m'mphepete, ndipo anayankhula masana onse, akutchula midzi, mitsinje imene ankawoloka ndi mayina a anzawo amene sanabwerere, pena akuima kuti apume, ine ndikugwedeza mutu foni ili patebulo pakati pathu. Nditafika pa Limbuli ndinati ndimvereko pang'ono. Foni inali itadzaza ndi ma slide ndi zithunzi za workshop ija, ndipo inasiya kujambula iwo asanamalize n'komwe kutchula dzina lawo ndi chaka chobadwa.

Ndinaimbira alamu anga mawu akunjenjemera. Anandiuza kuti ndisadandaule kwambiri, mphunzitsi wachinyamata uja anakhala pakhomo nthawi yonseyo akumvetsera, ndipo wagwirizana ndi a animador kuti Loweruka lililonse azikhala nawo n'kumalemba m'kope, mudzi ndi mudzi, chaka ndi chaka. Akulemba m'Chipwitikizi. Ndamupempha kuti akamaliza adzabwere ku parishi yathu adzatiwerengere ndi kutimasulira, ife a komiti titakhala pa mabenchi, ndipo a komiti avomera kuti transport yake ichokere m'thumba la gulu. Deti sitinapangane, poti nthawi ya mvula misewu ya kumudziko imavuta ndipo a animador akhala akudwaladwala chifuwa.